Ndatopa kupempherera mwana, anzanga mumalimba bwanji?

Nachisale_BT:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osayankhapo koma lero ndati nanenso ndilankhuleko poti dzina langa lenileni palibe akulidziwa. Ndine mayi wapabanja, ndimapemphera CCAP, amuna anga nawonso ndi munthu wopemphera ndithu, ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi zonse mwadongosolo ankhoswe mbali zonse analipo. Koma mpaka lero mnyumba mwathu mulibe mwana. Kuti mumvetse kutalika kwake, kamtsikana kamene kanamwaza maluwa pa ukwati wathu pano kali ku sekondale, tikakumana kamandipatsa moni ngati munthu wamkulu.

Kupemphera ndapemphera abale. Kusala kudya ndasala, ma ovanayiti ndapita, kuphiri la Soche ndakwerako ndi anzanga a felosipi mpaka mawondo kuchita kutupa. Kunabweranso mneneri wina amene mnzanga wakuntchito anandikokera, anandiloza pakati pa anthu nkunena kuti mayi inu chaka chino chisanathe mukhala mutanyamula mwana, anthu kuwomba mmanja ine kulira, ndinabzala mbewu ndalama yoti ndikanagulira matumba a chimanga, anandipatsa kabotolo ka mafuta. Chaka chinatha. Nditabwererako anati chikhulupiriro changa ndi chochepa komanso kwathu kuli maguwa ofunika kuphwanya, zofunikanso ndalama ina. Sindinapitekonso.

Chimene chimandipweteka kwambiri si apongozi ayi, ngakhale nawonso mawu awo amalasa, akabwera amangoti kaya ife tidzafa tisanaone chidzukulu cha kwa uyu, akuyang'ana kudenga. Chimandipweteka ndi kutchalitchi komweko. Lamulungu la ubatizo wa ana ndimakhala kumbuyo kuti ndituluke msanga. Ikamayandikira 15 October tsiku la anakubala, abusa amati amayi onse aimirire tiwaombere mmanja, ine ndimasowa chochita, ndikaima ndikunama, ndikakhala aliyense akundiona ndili mu yunifomu ya Mvano. Ku Mvano komweko nkhani zake ndi za ana basi, fizi, chikuku, mwana wanga wakhoza mayeso, ndipo munthu akafuna kunditonthoza amangoti kuona maso a nkhono nkudekha mayi. Ndadekha mokwanira ine.

Nde mwezi uliwonse zimakhala chimodzimodzi, ndikachedwa masiku awiri mtima uli mmwamba ndayamba kale kuwerengera kuti adzabadwa mwezi uti, kenako ndikupezeka ndili kumwezi, ndimalowa kubafa nkutsegula mpopi kuti amuna anga asamve kuti ndikulira.

Pano ndafika poti ndikagwada mawu sabwera. Ndimangoti Atate, basi pakamwa pauma. Baibulo ndikatsegula nkupeza vesi loti pemphani mudzapatsidwa ndimatseka. Funso langa sindikufunsa mankhwala kapena nambala ya mneneri chonde musanditumizire ku inbox. Ndikufunsa inu amene munadikirapo chinthu kwa Mulungu nthawi yaitali, munkapemphera bwanji? Kodi kumukwiyira Mulungu ndi tchimo? Nanga ndikasiya kupempha za mwanazi nkumangopempherera zina, ndiye kuti ndataya chikhulupiriro?

Mwana_wa_Mfumu:

Asisi musafooke!! Mulungu wathu sachedwa ndipo safulumira amabwera pa nthawi yake. Sara anabereka ali ndi zaka 90, inu simunafike nkomwe theka lake kkkk. Hana analira pakachisi mpaka Eli kumuyesa woledzera koma mapeto ake anabereka Samueli, ndipo sanathere pomwepo anaonjezanso ana aamuna atatu ndi aakazi awiri, werengani 1 Samueli 2:21. Kutchalitchi kwathu kuno ku Area 25 kuli mayi wina anakhala zaka zambirimbiri anthu akumunena kuti chumba, apongozi ake anafika pomubweretsera mwamuna wake mkazi wina kumudzi, koma lero ali ndi mapasa ndinawanyamula ndi manja angawa. Nde inu musalole satana akunamizeni kuti zatha. Mawu amenewo oti ndatopa musamawatchule, pakamwa pali mphamvu ya moyo ndi imfa. Gulani kamalaya ka mwana muike mu sutikesi ngati chizindikiro cha chikhulupiriro, muzidzuka 3 koloko mbandakucha nkumalengeza kuti ndine mayi wa ana. Ine ndikuyamba kusala nanu Lolemba. Chaka chamawa ngati nthawi ino mudzabwera muno ndi umboni, Amen!!

Mkulu_wa_Mpingo_Wopuma:

Mayi Nachisale, pepani kwambiri. Ine ndi bambo wachikulire, ndinali mphunzitsi ndipo ndatumikira ngati mkulu wa mpingo nthawi yaitali, nkhani ngati yanuyi ndakhala nayo pansi kambirimbiri pamodzi ndi ankhoswe. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Mwana wanga amene wayankha pamwambapa ali ndi mtima wabwino ndipo kusala kwakeko mukulandire. Koma pamene wamalizira ndi pamene sindikugwirizana napo. Wakupatsaninso deti, chaka chamawa, chimodzimodzi mneneri uja. Deti limeneli likadutsa adzakhale ndi bala ndi inu, iye adzakhala ataiwala. Abrahamu anauzidwa ndi Mulungu mwini, pomutchula dzina, kuti adzakhala ndi mwana. Ine ndi inu lonjezo lotero la dzina lathu tilibe, ndipo amene akukuuzani motsimikiza kuti mudzabereka mwezi wakuti akulankhula zimene sanatumidwe. Mulungu angathe, zimenezo sindikayika ngakhale pang'ono. Koma kuti adzachita liti, kapena ngati adzachite momwe tikufunira, palibe wa ife akudziwa.

Ndipo ngakhale Abrahamu wa lonjezoyo taonani mmene zinamutengera. Anatuluka ku Harana ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Pakatipo anatopa onse awiri, nchifukwa chake Sara anapereka Hagara, Ismayeli nkubadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, ndipo mnyumbamo munalowa mkangano umene sunathe. Ndimaitchula nkhani imeneyi chifukwa kumidzi kwathu maganizo olowetsa fisi kapena kupezera mwamuna mkazi wachiwiri amabwera ndi achibale okuchitirani chifundo, pa nthawi imene mwatopa ngati pano. Isake naye anakwatira Rebeka ali ndi zaka 40, mapasa aja Esau ndi Yakobo anabadwa iye ali ndi zaka 60. Pa Genesis 25:21 nkhani yonseyo yalembedwa mu vesi limodzi, anapemphera ndipo Yehova anamva, koma mkati mwa vesi limenelo muli zaka 20 za Rebeka kulowa kubafa ngati mmene mwafotokozeramo.

Tsopano funso lanu loti kukwiya ndi tchimo kodi. Tsegulani Masalimo 13, mavesi awiri oyamba okha Davide akufunsa kanayi kuti mpaka liti, mpaka kumufunsa Mulungu ngati wamuiwala mpaka kalekale. Masalimo 88 ndiye woopsa, kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi madandaulo okhaokha, sathera ndi aleluya ngati ena, amathera mu mdima. Koma anaikidwa mBaibulo kuti anthu aziimba popembedza. Ndiye ngati Mulungu analola mawu otero kukhala mbuku lake, sangadabwe kuwamva kuchokera kwa inu. Choopsa si kumudandaulira, choopsa nkuleka kulankhula naye nkumangomwetulira kutchalitchi. Masiku amene pakamwa pauma musavutike kupeka mawu, werengani Salimo 13 mokweza ngati pemphero lanu, mukatha mutseke mugone. Lakwana limenelo.

Za chikhulupiriro chochepa zija, zimandikwiyitsa ndikamamva anthu akuuzidwa choncho. Luka 1:6 akunena kuti Zekariya ndi Elizabeti anali olungama onse awiri pamaso pa Mulungu, vesi lotsatira lomwelo akuti analibe mwana. Palibe tchimo, palibe guwa la kwawo. Ndipo mngelo atabwera kudzati pemphero lako lamveka, Zekariya sanakhulupirire, anafunsa kuti zitheka bwanji poti takalamba, mpaka anakhala wosalankhula kufikira mwana atabadwa. Ndiye kuti yankho linamupeza munthuyo atasiya kale kuliyembekezera. Likanakhala kuti limatengera kuchuluka kwa chikhulupiriro cha tsiku limenelo, Yohane Mbatizi sakanabadwa. Za ndalama ndiye Petro anamuyankha kale Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8:20, mphatso ya Mulungu sigulidwa.

Pali chinanso pa nkhani ya Hana chimene timachidumpha pothamangira Samueli. Pa 1 Samueli 1:18, atatha kupemphera anapita nakadya, nkhope yake sinakhalenso yachisoni. Apo nkuti asanaime, analibe chizindikiro chilichonse. Anangotula katunduyo. Ine ndimaona kuti funso lanu lachitatu yankho lake lili pamenepo. Kupumira kupempha za mwana kwa kanthawi si kutaya chikhulupiriro. Mulungu saiwala zimene munamuuza chaka chatha. Paulo anapempha katatu kuti minga ichoke mthupi mwake, atayankhidwa kuti chisomo chikukwanira sanapitirize, ndipo palibe amati Paulo anabwerera mmbuyo.

Abusa anuwo apezeni pambali muwauze za kuimiritsa amayi pa 15 October. Ambiri sachita dala, sanaganizepo chabe. Mukachita manyazi tumani mkulu wa mpingo wa dera lanu, ndi ntchito yathu imeneyo.

Mwana_wa_Mfumu:

Adada ndi ulemu wonse koma apa mukumufooketsa munthu. Mukuti mwina sadzabereka?? Yesu anati zonse zitheka kwa iye wokhulupirira. Ine sindingapemphere ndi mwina mkamwa.

Mkulu_wa_Mpingo_Wopuma:

Mwana wanga, vesi mwatchulalo ndi Marko 9:23. Werenganinso 24, bambo wa mwana wodwala uja anayankha kuti ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo Yesu anamuchiritsira mwanayo osamubweza kuti akayambe wakonza chikhulupiriro. Komanso anyamata atatu aja pa Danieli 3 anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu angathe kutilanditsa, koma ngakhale akapanda kutero fano lanu sitilipembedza. Ameneyo ndi mwina amene mukumukanayo, ndipo anamunena ataima pakhomo pa ng'anjo. Ahebri 11 imatchula anthu ambiri achikhulupiriro, kumapeto kwake vesi 39 ikuti onsewa sanalandire lonjezolo. Pitirizani kusala Lolemba, musasiye, koma kamalaya ka mu sutikesi kaja ayi. Ndinaonapo mayi akukatulutsa patapita zaka, sizinali zabwino.

NamwinoKuLeeds:

Achemwali Nachisale ndawerenga zonse ndipo mwanena kuti simukufuna mankhwala, ndamva, koma pali chinthu simunatchule nde ndifunsa basi. Kuchipatala munapitako? Ndipo ngati munapita, munapita nonse awiri kapena nokha? Ndine namwino komanso mzamba, ndinagwirapo ntchito kumudzi konko ndisanabwere kuno ku UK, ndipo chimene ndinkaona nchoti mayi amabwera yekha ndi kabuku kake ka kuchipatala katadzadza, wayezedwa chilichonse, wamwa zitsamba zamitundumitundu, bambo sanapondeko nkamodzi komwe akuti ine ndilibe vuto kwathu timabereka.

Zoona zake nzoti pa mabanja amene akuvutika kupeza mwana, pafupifupi theka vuto limakhalanso mbali ya bambo, kaya payekha kaya pamodzi ndi la mayi. Ndipo si inu nokha, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu 2023 loti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto limeneli pa moyo wake, mayiko olemera ndi osauka omwe. Kuno azungu amene sadziwa nkomwe za maguwa akumudzi ali pa mzere ku kiliniki ndi vuto lomweli. Ife timati banja likatha chaka likugonana mosadziteteza popanda pathupi liyenera kuyezedwa, mayi akapitirira zaka 35 asadikire chaka, miyezi 6 yakwana, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu. Apa mpamene zimandiwawa, anthu amatha zaka zabwinozo akuzungulira mmapiri ndi kwa aneneri, pofika kwa dokotala nthawi yapita.

Kuyeza kwa bambo nkosavuta kuposa kwa mayi, amapereka umuna ku labu atakhala masiku angapo osagonana, amaona kuchuluka kwa mbewu ndi mmene zikuyendera. Zikatuluka zosakhala bwino amabwereza pakatha miyezi ngati itatu chifukwa mbewu zimatenga nthawi yotero kupangika, ndipo malungo amphamvu okha amatha kuzitsitsa kwa kanthawi. Kwa mayi amaona ngati mazira akutuluka mwezi ndi mwezi, sikani yoona zotupa za mchiberekero, ndi ekiselo ina yotchedwa HSG yoona ngati machubu ali otseguka. Kwathu ku Malawi machubu otsekeka ndi nkhani yaikulu, amatseka ndi matenda amene sanachizidwe bwino, ena opatsirana pogonana amene mayi sangadziwe nkomwe kuti anali nawo, ena obwera pambuyo popita padera. Ndipo amene anakulira kunyanja kapena kosamba mmadambo, likodzo limatha kufika ku ziwalo zoberekera, anthu ambiri amangodziwa za kukodza magazi basi. Poti muli ku Blantyre, ku Queens kuli madokotala a amayi, yambirani ku health centre akulembereni kalata, kapena kwa dokotala wa amayi wa pulayiveti ngati thumba likulola. Chonde zoika kumusi zimene amapereka azitsamba musayerekeze, zimayambitsa matenda omwe amatseka machubuwo.

Sindikunena kuti chipatala chimathetsa zonse ayi. Ena amayezedwa zonse nkupezeka bwinobwino onse awiri koma mwana osabwera, ena amafunika IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ku labu, imene ndi yodula zedi. Koma kudziwa kumathandiza ngakhale popemphera, umadziwa chimene ukupempherera. Ine ndine wa Katolika, ndimapemphera kolona ndisanalowe shifiti ya usiku, sindinaonepo kuti kuyezetsa kukulimbana ndi pemphero. Luka amene analemba za Elizabetiyo anali sing'anga.

Kabaza_wa_ku_Joni:

Alongo ine sindidziwa mavesi ambiri ngati adadawa koma ndiyankheko ngati mwamuna poti anesi atchula za ife. Kwathu vuto linapezeka ndi ine. Madam anga ananyozedwa ndi azilongo anga zaka ndithu, pa maliro pa ukwati paliponse akumuyang'ana pamimba, ine ndili phee. Titabwera kuno ku Johannesburg bwana wina amene ndinkamugwirira ntchito ya mgalaja ndi amene anatilipirira dokotala, zotsatira zinabwera zoti mbewu zanga nzochepa kwambiri, dokotala anafunsa ngati ndinadwalapo matsagwidi ndili wamkulu ndipo ndinadwaladi ndili Fomu 3 mpaka kutupa kumusi. Tsiku limenelo ndinakwera taxi yolakwika dala ndinangofuna ndisafike kunyumba.

Nde ndikuuzeni zoona, amuna timaopa kuyezetsa osati chifukwa cha mwano koma mantha, mawu aja oti gojo amapweteka kuposa chibakera, ndipo timasokoneza zinthu ziwiri, timaona ngati ukakhala bwinobwino kuchipinda ndiye kuti umabereka, pamene nzosiyana. Amuna anuwo mwina nawonso amalira kwaokha inu osadziwa, mwati ndi opemphera nde mwina akulimbana ndi Mulungu yemweyo mbali yawo. Musawauze kuti mukayezetse inu, muwauze kuti tiyeni tikayezetse tonse ndipo zotsatira zikhale za awirife, apongozi asamve, ankhoswe asamve.

Za pemphero, ine ndinasiya kutchalitchi pafupifupi chaka chathunthu. Amene ankapita ndi madam, akabwerako osandikakamiza, amangoti takupemphererani. Chimene chinandibweza si ulaliki, kunachitika maliro a mnyamata wina wakwathu ku Mangochi amene anafera kuno, a Malawi tinasonkha kuti thupi lipite kumudzi, usiku wa maliro tinaimba nyimbo zakwathu mpaka kucha mu kagalaja kozizira mwezi wa June, ndinapezeka ndikuimba nawo besi misozi ili mbwembwembwe. Lamulungu lotsatira ndinavala jekete nkutsatira madam. Mwana mpaka lero tilibe, tikusunga ndalama pang'onopang'ono za chithandizo china chimene dokotala anatiuza, ma rand ake ndi ambiri ndipo ntchito zakuno mukuzidziwa. Ndinawaimbira foni azilongo anga ndinawauza kuti amene anene mkazi wanga wanena ine, osafotokoza zambiri, kuyambira pamenepo kuli zii.

Ndimapemphera mwachidule masiku ano. Ndimati Ambuye mukudziwa, ndikupita kuntchito.

Gogo_Nangozo:

Mwana wanga Nachisale, ine foni yotereyi sindiitha, akundilembera ndi mtsikana amene ndimakhala naye, ndiye amene anandiwerengera nkhani yakoyi. Ndili ku Dedza, zaka zanga zapitirira 60, ndipo sindinaberekepo. Ndati ndiyankhe chifukwa onse amene amaimirira kutchalitchi kupereka umboni ndi amene analandira. Ife amene sitinalandire satipatsa maikolofoni, koma tilipo ndipo tikupempherabe.

Ndinachita ma novena osawerengeka. Amuna anga, Mulungu awalandire, anakana kukwatira wina ngakhale abale awo anawakakamiza mpaka kuitanitsa bwalo, nkhani inafika kwa amfumu. Pamene ndinasiya kusamba ndi pamene ndinadziwa kuti yankho ndi ayi, ndipo usamve zoti munthu amangolandira mwamtendere, ine ndinakwiya koopsa. Misa ndinkapita chifukwa choopa anthu koma ukaristia ndinasiya kulandira, kolona ndinaiponya mu basiketi ya zovala zakale. Bambo mfumu wina wokalamba nditamuuza mu kulapa kuti ndakwiya ndi Mulungu sanandikalipire, anangoti muuzeni mwini wakeyo, ali ndi chifuwa chachikulu. Ndinamuuzadi, kumunda ndili ndekha ndikupalira mbatata, mokweza ngati wamisala.

Amene anandigwira dzanja ndi amayi awiri a mu mphakati wathu. Sankandilalikira. Ankabwera Lachitatu madzulo ndi mtedza wawo tikusenda limodzi, pochoka amati tiyeni tipemphere, iwo nkumapemphera ine ndili chete. Nthawi yaitali ndithu zinali choncho. Ndiye ndikukuuza kuti upeze munthu mmodzi kapena awiri, osati gulu lonse la Mvano, oti azikupempherera pamene iwe sukutha, ndipo akhale anthu osayankhula zambiri.

Zaka za mma 1990 matenda aja atavuta, mng'ono wanga ndi mwamuna wake anamwalira motsatizana nkusiya ana anayi, wamng'ono akuyamwa. Ndinawatenga. Ndawalera onse, wina ndi mphunzitsi pano, amanditchula amayi ndipo ana awo ndi adzukulu anga. Koma ndimadana nazo anthu akamati mwaona, nchifukwa chake Mulungu sanakupatseni anu. Ayi. Mng'ono wanga sanafe kuti ine ndipeze ana, ndipo kuwakonda anawa sikunachotse njala yofuna kumva mwana akugunda mmimba mwanga. Zonse ziwiri ndili nazo mpaka lero, chimwemwe cha anawa ndi funso limene sindinayankhidwe. Ndikadzafika kumeneko ndidzafunsa, ndaliika padera.

Iwe ukadali wamng'ono, zako sizinathe, mvera anesiwo upite ndi amuna ako. Koma ndimafuna udziwe kuti ngakhale zitakhala ngati zanga, munthu amakhala ndi moyo, amaseka, amalandiranso ukaristia. Ndipo usamadzikakamize kupita ku phwando lililonse la mwana kapena kukaona mwana aliyense wabadwa, tumiza mphatso ukhale kunyumba, si nsanje imeneyo. Apongozi akayamba zoyang'ana kudenga uzituluka ukaone ndiwo pamoto, oyenera kuwayankha ndi mwana wawo.

Nachisale_BT:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Agogo a ku Dedza mwandiliza, muuzeni mtsikanayo akuwerengereni kuti ndathokoza. Adada Salimo 13 ndawerenga usiku wathawu mokweza monga munanenera, 88 ndinayamba koma sindinamalize. Asisi a ku Area 25 salani ndithu ndikuyamika, koma za kamalaya ndili nako kale kuyambira chaka chachiwiri cha ukwati, ndikuganiza zokapereka kwa mnzanga wina amene wachira mwezi watha.

Anesi mwandigwira. Kuchipatala ndinapita ndekha, anandijambula sikani anati chiberekero chili bwino, za machubuzo sanandiuzepo ndipo HSG ndikuimva koyamba. Ndinakulira ku Nkhotakota ndipo tinkasamba kunyanja tsiku lililonse nde zalikodzo zandiopsa. Amuna anga sanayezedwepo, sindinayambe ndawafunsa nkomwe, ndimaopa kuti aziona ngati ndikuwaloza chala. Achimwene a ku Joni ndikufuna ndiwaonetse zimene mwalembazi koma ndikatero adziwa kuti nkhani ya mnyumba ndaitulutsa panja, nde ndiona kaye mmene ndingayambire, mwina ndidikire apongozi abwerere kumudzi poti ali kwathu mpaka kumapeto kwa mwezi.

Anesi funso lina, HSG yo imapweteka? Ndipo amapanga tsiku lililonse kapena pali masiku ake a mwezi oyenera kupita?